Seva yanuyanu kapena ya eni ake: kusankha njira yoikira mapulogalamu pa intaneti

Kampani ikamaliza kulemba pulogalamu ya pakompyuta, imafunika chida choikira pulogalamuyo pa seva kuti anthu ayambe kuigwiritsa ntchito. Njira zake zilipo ziwiri.

Yoyamba ndi kudziyendetsera zonse. Zida monga Jenkins ndi Dokku n'zaulere, ndipo kampani ikaziika pa seva yake, zinsinsi za makasitomala zimakhala m'manja mwake. Koma makina akazima pakati pa usiku, kapena akuba a pa intaneti akapeza polowera, wokonza ndi katswiri wa kampani yomweyo. Malipiro ake, pamodzi ndi mafuta a jenereta magetsi akathima, ndiwo mtengo weniweni wa ulerewo.

Yachiwiri ndi kulipira makampani monga Heroku, Netlify kapena Vercel kuti azisamalira makinawo. Ntchito imafulumira, koma mitengo ndi malamulo amakhazikitsa ndi eni ake. Pa 28 November 2022, Heroku inathetsa ntchito zomwe inkapereka mwaulere, ndipo ambiri anakakamizika kulipira kapena kusamuka. Kwa kampani ya m'Malawi, bilu yotere imabwera m'madola. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, bilu yomweyo inayamba kudya makwacha ochuluka.

Choncho funso lalikulu ndi lakuti chosowa kwambiri n'chiyani: katswiri kapena madola? Gulu la anthu awiri kapena atatu lopanda woyang'anira seva lingachite bwino kulipira. Lomwe lili ndi katswiri lingadziyendetsere. Onsewa akaika pulogalamu yawo mu Docker, kusamuka sikuvuta zinthu zikasintha.