Njira za Wapansi M'gombe la Miyala ku Cape Maclear

Chakumwera kwake, Nyanja ya Malawi inagawika pawiri ngati mphanda, ndipo pakati pa nthambi ziwirizo pali dziko lamapiri la Mfumu Nankumba, m'boma la Mangochi, limene limalowa m'madzi mpaka kukathera pa Cape Maclear. Anthu ambiri akamva za gombe amaganiza za mchenga wokhawokha, koma gombe la kumeneko nlosiyana. Mapiri amatsetsereka mpaka kumira m'nyanja, ndipo miyala ikuluikulu, ina yoposa nyumba, inasanjikizana pamalo pomwe mafunde amamenya usana ndi usiku. Munthu woona malowa ali m'bwato angaganize kuti oyendamo ndi anyani okha. Komatu pakati pa miyalayo pali tinjira timene asodzi ndi amayi otola nkhuni akhala akupondamo kuyambira kale, ndipo tina mwa ito ntosavuta konse, kotero kuti mwana wa Sitandade 6 angayende limodzi ndi mphunzitsi wake wa imvi popanda wina kutsalira m'mbuyo.

Malo amenewa ali m'kati mwa Lake Malawi National Park, nkhalango yotetezedwa imene boma linakhazikitsa m'chaka cha 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse lapansi. Kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 94. Ngakhale kuti cholinga chachikulu chinali kuteteza nsomba, gawo lalikulu la malowo ndi mtunda, kunena mapiri ndi zilumba. Madzi otetezedwa ndi a m'mphepete okha, mamita 100 kuchokera pagombe. Wophunzira wochangamuka angafunse kuti, "Nanga ngati nkhani ndi ya nsomba, atetezeranji mapiri?" Yankho lake silimveka bwino pabolodi. Limamveka munthu akayenda ndi mapazi ake kuchokera pamadzi kukwera kuphiri.

Njira yoyamba, yomwe ndi yapafupi koposa zonse, imayambira m'mudzi wa Chembe nkulunjika kumadzulo motsata mchenga. Woyenda amadutsa mabwato okokeredwa pamtunda, maukonde oyanikidwa, ndi matandala amene amayi amayanikapo usipa ndi utaka. Pothera pa mudzi pali chipata cha nkhalangoyo, ndipo chapafupi pomwepo, m'tsinde mwa phiri, pali manda a amishoni. Pamenepa ndipo panali Livingstonia woyamba. David Livingstone anali atatcha kale malowa dzina la bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi wa ku Cape Town, pamene gulu la Free Church of Scotland linafika pa sitima yotchedwa Ilala mu Okutobala 1875, motsogozedwa ndi E. D. Young, ndipo m'gulumo munalinso Dr. Robert Laws. Malungo ndi matenda ena sanawapatse mpata. Mu 1877 anamwalira Dr. William Black, ndipo chaka chomwecho anamwaliranso Shadrach Mngunana, wochokera ku Lovedale ku South Africa, amene ankaphunzitsa ana pa kasukulu ka mishoniyo. Mu 1881 amishoni anasamukira ku Bandawe, nasiya ntchito ya pa Cape Maclear m'manja mwa Albert Namalambe, munthu woyamba kubatizidwa pamalopo, ndipo mu 1894 anakakhazikika ku Khondowe. Mphunzitsi woima pamandapo akumbukire kuti mmodzi mwa ogona pamenepo anali mnzake pa ntchito.

Kuchokera pamanda, njira imapitirira mtunda waufupi kudutsa pa Golden Sands, m'dera lomwe ndege zotera pamadzi za BOAC zinkafikira mu 1949 ndi 1950, mpaka kukathera pa Otter Point, malo otchedwa dzina la akatumbu. Apa mchenga umatha, nkuyamba miyala yosalala yolowa m'madzi oyera mbee. Woyenda asafulumire kubwerera, koma akhale pansi nayang'ane m'madzimo, pakuti akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Posakhalitsa adzaona mbuna, tinsomba tamawangamawanga, tina tobiriwira ngati thambo, tina tachikasu, tina tamizeremizere, tikupala ndere za pamiyala ndi mano ake. Nsomba yaikazi imasunga mazira ndi tiana m'kamwa mwake mpaka titakhwima. Mbuna sizikonda kuoloka mchenga kapena madzi akuya, nchifukwa chake za pa chilumba china zimasiyana ndi za pa chilumba chinzake, ngakhale zilumbazo zikhale zoyandikana. Akatswiri amati mitundu ya nsomba za m'nyanjayi ingafike 1,000, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Chofunika kuchigwiritsa pamenepa nchakuti ndere zimene mbuna zimadya zimamera pokhapokha pamwala woyera, pomwe kuwala kwa dzuwa kumafika.

Njira yachiwiri imayambira chapafupi ndi manda aja nkukwera phiri. Nsonga ya phiri la Nkhunguni, loposa mamita 1,000 kuchokera pa msinkhu wa nyanja yamchere, nja anthu amphamvu, koma sikofunika kukafikako. Malo oonera ali chapakati, ndipo wopuma pafupipafupi amafikapo bwinobwino. M'munsi muli milambe, m'miyala muli mikuyu imene mizu yake inalowerera m'ming'alu, ndipo chakumtunda kuli miombo. Anyani ndi apusi ngosasowa, mbira zimaothera dzuwa pamathanthwe, ndipo nkhwazi imamveka kulira isanaoneke. Pamalo oonerapo munthu amaona chilumba cha Thumbi moyang'anana ndi mudzi, Mumbo chapatali, ndi Domwe, chimene chinalekana ndi mtunda ndi kampata kopapatiza kotchedwa Ilala Gap. Amaonanso mudzi wa Chembe utapanikizika pakati pa phiri ndi nyanja, wopanda kothawira.

Tsono pamenepa mpamene funso lija limayankhika. Ali pamwambapo, munthu amaona ndi diso limodzi zitsa za mitengo yodulidwa, malo opsa ndi moto wolusa, ndi makwawa otsikira kunyanja. Mvula ikagwa pamalo opanda mitengo ndi udzu, dothi limakokoloka kutsata makwawawo, madzi a m'gombe amasanduka ofiira, ndipo matope amakakuta miyala ija. Ndere zikasowa kuwala sizimera, ndipo mbuna, zomwe sizitha kusamukira kutali, zimasowa chakudya ndi pobisala. Motero mtengo wa paphiri ndiwo usunga nsomba ya m'madzi.

Komabe kungakhale kulakwa kuloza chala mayi amene woyenda akumana naye atasenza mtolo wa nkhuni. Pamene nkhalangoyi inkakhazikitsidwa, midzi ya Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chidzale inali ilipo kale, ndipo inatsala m'kati, yozingidwa ndi malo otetezedwa. Anthu achuluka, nsima iyenera kuphikidwa, nsombanso ziyenera kuwambidwa. Lamulo limaletsa kudula mitengo yaiwisi, koma limalola kutola nkhuni zouma munthu akakhala ndi chilolezo, ndipo nkhuni zoumazo zikunka ziperewera. Mbaula zosatha nkhuni, monga ya Chitetezo, ndi kubzala mitengo pakhomo zimachepetsako vutoli, koma sizinalithetse. Limeneli ndi funso loyenera kuliika pamaso pa achinyamata otsiriza sukulu, pakuti ndiwo adzalisenze mawa.

Njira yachitatu imachoka kunyanja nkulowa kumunda. Woyenda amatsata msewu wopita ku Monkey Bay, kudutsa m'chidikha cha kuseri kwa mudzi, momwe muli minda ya chimanga, mbuzi zodya msipu ndi milambe yoima payokhapayokha. Atayenda makilomita owerengeka amafika pa Mwala wa Mphini, thanthwe lalikulu lokhala ndi mizere yozama yofanana ndi mphini zimene makolo ankatema pankhope. Akatswiri a za miyala amati mizereyo inadza ndi mvula, dzuwa ndi mphepo pa zaka zambirimbiri, pomwe anthu a m'deralo amaulemekeza mwalawo ngati malo a mizimu, ndipo asing'anga akhala akupalako tizidutswa tosakaniza ndi mankhwala. Boma linauika pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko, kotero kulembapo dzina kapena kuswako nkulakwira lamulo. Amene ali ndi tsiku lathunthu angayambirenso ku Monkey Bay, kumene eni ake amati Lusumbwe, nkutsata njira zodutsa m'mapiri zopita ku Mvunguti ndi ku Zambo, midzi ya asodzi yofikika ndi bwato kapena wapansi, koma zimenezi nzotalikirapo ndipo nzosayenera ana aang'ono.

Ulendo wosavuta umafunabe kukonzekera. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene kuli kozizirira, ngakhale kuti ndi nthawi yomweyonso imene mwera umavundula nyanja. Mu Okutobala ndi Novembala miyala imatentha ngati chiwaya, ndipo woyenda anyamuke m'mamawa kuti dzuwa likamafika paliwombo akhale atatsika. M'dzinja udzu umabisa njira ndipo miyala imaterera. Nsapato zikhale zogwira pansi, madzi akumwa akhale okwanira, ndipo chakudya chibisidwe m'thumba, popeza anyani a kumeneko anazolowera kulanda. Pachipata pamalipiridwa ndalama, koma Amalawi amalipira zochepa poyerekeza ndi alendo akunja. Safunsa anadya phula: wokwera phiri atenge mlondola njira wa m'mudzimo, ndipo wofuna kusamba ayambe wafunsa eni gombe za ng'ona. Adziwenso kuti gombe la Chembe nlodziwika ndi likodzo, matenda ofala kudzera mu nkhono za m'madzi odikha. Wosambamo akayezetse kuchipatala pambuyo pake, pakuti mankhwala ake alipo.

Ulemu nawo ndi kamba wa paulendo. Gulu la sukulu lidziwitse mfumu ya mudzi ndi akuluakulu a nkhalango lisanayambe kuyenda. Podutsa pakhomo pa munthu pakhale odi, kwa akulu pakhale "Mwaswera bwanji, agogo?", ndipo pamadooko pomwe amayi amasamba ndi kuchapa, anyamata alambalale ndi makamera awo ali m'thumba.

Alendo amaoloka nyanja zamchere kudzayenda njira zimenezi, pomwe ana ambiri obadwira m'boma la Mangochi amatsiriza Fomu 4 atangomva dzina la mbuna m'kalasi. Mphunzitsi wa jogalafe, wa mbiri yakale ndi wa sayansi angathe kuphatikiza maphunziro awo atatu pa tsiku limodzi: m'mamawa kuphiri, masana pamanda a amishoni, madzulo pa Otter Point. Mwana aliyense atenge kope ndi pensulo, awerenge zitsa zimene wapeza m'njira, ajambule nsomba imodzi imene waona, ndipo pobwerera kwawo akayang'ane khwawa la m'mudzi mwake ndi kudzifunsa kumene dothi lake limapita.