Kodi mumadziwa kuti a Kaunda ankakhala m'kanyumba ka m'komboni?

Ufulu wa dziko la Zambia unaphikidwa m'kanyumba kakang'ono, nambala 394, ku Chilenje mu Lusaka. A Kenneth Kaunda ankakhala mmenemo ndi akazi awo, mayi Betty, ndi ana kuyambira mu January 1960, atangotuluka m'ndende, mpaka mu December 1962.

Masiku amenewo anthu akuda sankaloledwa kukhala kumayadi. A Kaunda, mtsogoleri wa chipani cha UNIP, ankagona komwe kunkagona akalaliki ndi amisiri, ndipo ali m'nyumbayi ndi pamene kunabuka chipwirikiti cha Cha Cha Cha mu 1961.

Lero nyumbayo ndi chikumbutso cha dziko, ndipo imasamalidwa ndi bungwe la National Heritage Conservation Commission. Mkati muli mipando ndi ziwiya zoonetsa mmene banjali linkakhalira. Panja pali galimoto ya Land Rover imene ankayendera pokopa anthu m'midzi.

Chimene chimakhudza mtima kwambiri ndi kuchepa kwa malowo. Amene anakulira ku Lilanda, ku George kapena ku Kanyama akalowa, amaona ngati afika kwawo.

Kuchokera ku Lilanda ndi mabasi awiri okha, yopita m'tauni kenako ya ku Chilenje. Pobwerera mungadzere pa Matero, pomwe pali nyumba nambala 3144 imene inali likulu la UNIP chipanichi chikungoyamba kumene.