Katundu wochepa ndi pangano lomveka: kukonzekeretsa mwana wa ku Chikwa kukakhala m'hositelo

Zotsatira za mayeso a Giredi 12 zikatuluka, makalata oitana ophunzira n'kuyamba kufika, mabanja ena a m'dera la mfumu Chikwa, m'boma la Chama, amayamba kuwerengera zoti agulitse. Mpunga umene anasungira njala umatuluka m'nyumba, ndalama za thonje zimatha msanga, ndipo achibale a ku Lundazi ndi ku Chipata amayamba kulandira mafoni. Cholinga chimakhala chimodzi, choti mwana asakachite manyazi ku koleji. Motero ndalama zambiri zimathera pa sutikesi yaikulu, zovala zatsopano, mapoto, mbale ndi zina zimene makolo amva kuti ana a m'tauni amakhala nazo. Chikondi chimenechi n'chosakayikitsa, koma kawirikawiri chimaphonya pamene pagona vuto. Wophunzira amene akukagona chipinda chimodzi ndi anthu osawadziwa amafunika zinthu zitatu: katundu wochepa wosankhidwa bwino, ndalama yotsala m'manja, ndi luso lopangana ndi anzake za kakhalidwe ka m'chipindamo sabata yoyamba isanathe. Pa zitatuzi, chachitatucho ndicho chachikulu, ndipo ndicho chimene mabanja ambiri sachikamba n'komwe.

Tiyambe ndi chipinda chenichenicho. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312. Lero ophunzira ake ndi opitirira 20,000, koma nyumba zogonamo sizinakule mofanana ndi chiwerengerocho. N'chifukwa chake pa sukulupo panabadwa chizolowezi chimene ophunzira amati squatting, pamene amene wapatsidwa bedi amalola mnzake wosowa malo kugona naye, mwakuti chipinda chomangidwira anthu awiri chimasunga anthu anayi kapena kuposerapo. Amene alephera kupeza malo pa sukulu amakachita lendi m'nyumba za anthu ku Kalingalinga, Kalundu kapena Ng'ombe, kumene eni nyumba amaika mabedi osanjikiza kuti mulowe anthu ambiri. Ku Copperbelt University ku Kitwe, ku Kapasa Makasa ku Chinsali, ku koleji ya aphunzitsi ya ku Chipata kapena ku sukulu ya anamwino ya St Francis ku Katete, kuchuluka kwa anthu m'chipinda kumasiyanasiyana, koma kugona wekha n'kosowa kulikonse. Malo amene mwana angawatche ake ndi bedi, kunsi kwa bedi ndi mbali imodzi ya kabati. Katundu aliyense wopitirira pamenepo amadya malo a munthu wina, ndipo mkangano woyamba umayambira pomwepo, anthu asanadziwane ngakhale mayina bwinobwino.

Ulendo nawonso uli ndi mawu pa nkhaniyi. Wochokera ku Chikwa kupita ku Lusaka ayenera kukwera mtunda kuchoka m'chigwa cha Luangwa kukafika ku Lundazi, kuchoka apo makilomita pafupifupi 180 kukafika ku Chipata, kenako ena oposa 550 mumsewu wa Great East mpaka pa siteshoni ya Intercity. Pamene akusintha galimoto, katundu amatsitsidwa, kunyamulidwa, kulipiridwa, ndipo mwana amene ali yekha sangayang'anire zikwama zisanu nthawi imodzi. Ndowa, beseni, tsache, mbale ndi sopo zimapezeka m'misika ya m'tauni iliyonse, ndipo mtengo wake nthawi zina umachepa poyerekeza ndi ndalama yonyamulira zinthu zomwezo ulendo wonsewu. Zina mwa izo n'zosafunika kuti aliyense akhale ndi chake. Anthu anayi m'chipinda safunika matsache anayi kapena mbaula zamagetsi zinayi. Nzeru ndi kufika kaye, kuona zimene zilipo kale, kufunsa zimene malamulo a hositelo amalola, kenako n'kugawana zogula.

Zilipo zimene siziyenera kutsala ngakhale pang'ono. Zoyamba ndi mapepala: chitupa cha NRC, zotsatira za mayeso zochokera ku Examinations Council of Zambia, kalata yoitanidwira ku sukulu, malisiti a ku banki ndi mapepala a ngongole ya maphunziro kapena a thandizo la thumba la chitukuko la CDF. Izi zikhale m'pulasitiki, m'kachikwama kosachoka pathupi, ndipo zijambulidwenso pa foni. Chachiwiri ndi zofunda. Mwana wokulira m'chigwa chotentha sadziwa kuzizira kwa Lusaka, mzinda umene uli pamtunda wa mamita oposa 1,200, kumene m'miyezi ya Juni ndi Julayi mphepo ya m'mawa imalowa mpaka m'mafupa. Bulangete lolemera ndi juzi n'zofunika kuposa nsapato zachitatu. Neti yoteteza udzudzu, maloko awiri olimba, chidebe chotseka cha madzi akumwa ndi nyale ya sola zikhalemonso. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, magetsi ankazima maola ochuluka pa tsiku, ndipo wophunzira amene anali ndi nyale ya sola, chinthu chozolowereka m'midzi ya ku Chama, ndiye ankatha kuwerenga usiku.

Pa chakudya, mwana wa ku Chikwa ali ndi mwayi umene ambiri sauona. Mpunga wa ku Chama ndi wotchuka m'dziko lonse chifukwa cha fungo lake, ndipo anthu a ku Lusaka amaugula m'masitolo pa mtengo wokwera. Kathumba ka mpunga umenewu, nyemba, nsinjiro, chiponde ndi mfutso ndi zinthu zosaonongeka msanga, zosafuna furiji, ndipo zimamufikitsa wophunzira kumapeto kwa mwezi pamene ndalama yachedwa. Kuchedwa kwa ndalama si nkhani yongopeka. Ndalama ya chakudya imene boma linkapereka kwa ophunzira a m'mayunivesite ake inachotsedwa mu 2019 n'kubwezeretsedwa mu 2023, ndipo imafika kwa okhawo amene ali pa ngongole ya maphunziro ya bungwe la HELSB. Ena onse amadalira kwawo. Apa ndi pamene tanthauzo la ndalama yotsala m'manja limaonekera. Banja limene lathera zonse pa zogula lisanatsanzike mwana limasowa chotumiza pa foni sabata yachitatu, pamene akufunika kulipira zosindikiza, mabandulo a intaneti kapena mankhwala.

Koma ngakhale chikwama chitalongedwa mwanzeru chotani, mtendere wa m'chipinda umachokera kwina. Kugona anthu ambiri malo amodzi si chachilendo kwa mwana wa kumudzi. Anyamata akula akugona m'mphala, atsikana m'gowelo kapena kwa agogo, akugawana mphasa, moto ndi nkhani. Kumeneko zinthu zimayenda popanda kukambirana malamulo chifukwa onse analeredwa ndi mwambo umodzi, wamkulu amadziwika, ndipo wolakwa amadziwa kuti nkhani ikafika kwa amalume. M'hositelo zonsezi mulibe. Msenga wa ku Chikwa amakumana ndi Mlozi wa ku Mongu, Mtonga wa ku Monze ndi mwana wobadwira ku Kabulonga. Wina amapemphera mokweza mbandakucha, wina amawerenga mpaka tambala woyamba, wina anazolowera kuti zimene zili pa tebulo ndi za onse, wina anakula ndi chipinda chake ndipo sakondwa munthu akakhala pa bedi lake. Palibe woipa pakati pawo. Aliyense akutsata zimene anaphunzira kwawo, poganiza kuti ndi mmene anthu onse amakhalira. Zimene kumudzi zimadziwika popanda kunena, kuno ziyenera kunenedwa ndi pakamwa.

Pangano lake silifuna pepala kapena mboni. Likufuna kuti anthu a m'chipindamo akhale pansi tsiku limodzi, mitima isanawawe, n'kumvana pa zinthu zochepa zimene zimabala mikangano yambiri. Kodi tiziphika limodzi kapena aliyense payekha, ndipo ngati tisonkha, tisonkha zingati, wosunga ndani? Getsi lizizima nthawi yanji, ndipo wofuna kupitiriza kuwerenga azipita kuti? Ndani akusesa ndi kutaya zinyalala tsiku liti? N'ziti zimene munthu angabwereke osapempha, n'ziti zosakhudza? Alendo azibwera nthawi yanji, ndipo kodi n'kololeka kuti wina atulutsidwe m'chipinda chake chifukwa mnzake walandira chibwenzi? Kiyi azisungidwa bwanji? Mafunso amenewa ndi opepuka sabata yoyamba, chifukwa palibe amene akuimbidwa mlandu. Akafunsidwa patapita miyezi iwiri, mafuta ophikira atatha mosadziwika, funso lililonse limamveka ngati chitonzo.

Ukhondo ndiye mbali ya panganoli imene siyenera kunyengereredwa. Anthu akathithikana, matenda a mmodzi amakhala a onse: chifuwa, mphere, nsikidzi za m'matiresi, matenda otsekula m'mimba. Kolera imene inabuka ku Lusaka mu Okutobala 2023 inapha anthu oposa 700 m'dziko lonse, inachititsa kuti bwalo la masewera la National Heroes lisanduke chipatala, ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa mpaka mu Febuluwale 2024. Matendawa amayenda m'madzi ndi m'chakudya chodetsedwa, choncho chidebe chotseka, sopo wosamba m'manja ndi mbale zotsukidwa nthawi yomweyo ndi chitetezo cha chipinda chonse. Magetsi nawonso amafuna kusamala kofananako. Kulumikiza mbaula, ketulo ndi ayironi pa soketi imodzi, kapena kugwiritsa ntchito nthambo zosenda, kungayatse moto pamene anthu ali m'tulo, ndipo mbaula ya makala m'chipinda chotseka imapha ndi mpweya wake wosanunkha. Amene akumbutsa anzake zimenezi akusamala moyo wawo.

Ena adzati kukambirana za ndani mwini shuga ndi khalidwe la umbombo, losayenera mwana woleredwa bwino, pakuti akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Mawuwa ndi oona, ndipo wophunzira womana amadzipweteka yekha, chifukwa tsiku limene adzadwale, amene adzamuperekeze ku chipatala ndi mnzake wa m'chipinda yemweyo. Koma kupatsa kumakoma pamene wopatsayo wasankha yekha. Munthu akangopeza kuti mpunga umene amayi ake anapuntha watha iye osadziwa, sanapatse aliyense, walandidwa, ndipo mawa adzayamba kubisa chakudya m'sutikesi. Malire omveka ndiwo amateteza kuolowa manja. Komanso amene amavutika kwambiri pakasowa pangano ndi mwana wa kumudzi yemweyo, amene anaphunzitsidwa kusayankha akuluakulu ndi kusakana mlendo. Ophunzira a zaka zapamwamba akamudyera kapena kumutuma ngati wantchito, iye amangoti ndi ulemu. Kumuphunzitsa kunena kuti “izi ayi” mofatsa ndi kumupatsa chida chimene alibe.

Ena adzati Chikwa ndi kutali, ndipo nyengo ya dzinja mitsinje yotsikira ku Luangwa ikadzaza misewu imavuta, choncho mwana anyamuliretu zonse za chaka. Kutalikaku n'koona, koma kukulimbikitsa mfundo yomweyi. Ndalama imayenda pa foni tsiku lomwelo ngakhale msewu utaduka, pamene thumba la ufa la miyezi isanu ndi umodzi limafumbwa kunsi kwa bedi. Palinso mantha akuti wofika ndi katundu wochepa adzasekedwa. Kusekana kulipo ndithu, makamaka masiku oyamba, ndipo kumapweteka. Koma banja la mlimi silingapambane mpikisano wa mafoni ndi nsapato, ndipo kulowa nawo kumangobala ngongole, ndi mayesero oipa kwa atsikana ndi anyamata omwe. Pakatha mwezi, ulemu wa m'chipinda umapita kwa amene amasunga mawu ake, amatsuka mbale pa tsiku lake ndi kubweza chimene anabwereka.

Chotsutsa champhamvu koposa n'chakuti zonsezi zikusenzetsa ana mtolo wa boma ndi wa masukulu, amene ayenera kumanga mahositelo okwanira. Zimenezi n'zoona kotheratu. Chiyambire 2022, pamene maphunziro anakhala aulere mpaka ku sekondale ndipo ndalama za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, khomo la maphunziro latsegukira ana ambiri a m'madera ngati Chama South, ndipo ana amenewa adzafuna pogona akadzafika ku koleji. Makolo, aphungu ndi mabungwe a ophunzira ayenera kupitiriza kufunsa za nyumba zogonamo, madzi ndi zimbudzi mosatopa. Koma nyumba imatenga zaka kuti imangidwe, pamene mwana woitanidwa chaka chino akunyamuka mwezi wamawa. Kumukonzekeretsa kukakhala m'chipinda chimene chilipo sikuchotsera boma udindo wake.

Choncho ntchito ya banja isathere pa kumanga zikwama. Masiku otsala ulendo usanachitike, makolo afunefune wachinyamata wa m'deralo amene anakhalapo m'hositelo, kudzera ku mpingo kapena kwa aphunzitsi a ku sekondale, kuti afotokozere mnzakeyo zimene zimaloledwa ndi zimene zimachitikadi. Pa ndalama zimene zasonkhedwa, gawo lina lisungidwe osakhudzidwa mpaka sukulu itayamba. Ndipo pa malangizo otsanzikana, pambali pa kumuuza kuti akalimbikire ndi kupewa zoipa, amalume ndi azakhali amuuzenso kuti ali ndi ufulu woyambitsa yekha kukambirana ndi anzake a m'chipinda, ngakhale atakhala wamng'ono pa onse, ndiponso kuti zikakanika akaonane ndi woyang'anira hositelo msanga, zinthu zisanafike poipa. Mwana wogona bwino, wodya mokwanira ndi wosasunga chakukhosi ndi amene amakhoza mayeso, ndipo mpunga ndi thonje zija zinagulitsidwira zimenezo.