Za Mfuti ndi Magazi a Abale Athu ku Ndirande

Akhristu anzathu a m'midzi, ambiri a inu muli ndi ana kapena adzukulu ku Ndirande, amene adatsata ntchito ku Blantyre, nakhala m'tinyumba tothithikana m'tsinde mwa phiri lija, ku Goliyo, ku Makata ndi ku Chinseu. Tsono mwezi uno tikambe za kumeneko, pakuti mnzako akapsa ndevu m'zimire.

Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi athu mudawerengedwa kalata ya Aepiskopi, Ambuye James Chiona a ku Blantyre pamodzi ndi anzawo. Kalatayo idanena poyera za malipiro ochepa a anthu osauka, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndi za mantha amene adatseka anthu pakamwa. Olamulira adapsa mtima koopsa. Nyumba yosindikizira mabuku ku Balaka idatenthedwa, ndipo Ambuye John Roche a ku Mzuzu adapirikitsidwa m'dziko muno.

Kumayambiriro kwa Meyi, antchito a fakitale ya nsalu ya David Whitehead, pafupi ndi Ndirande, adanyanyala ntchito chifukwa cha malipiro. Khamu lidakula, ena nayamba kuthyola masitolo, apolisi nawombera anthu ndi zipolopolo. M'masiku owerengeka okha adafa anthu oposa 30. Ife tidali ana nthawi imeneyo; tikumbukira amayi akutigoneka pansi masana dzuwa likuswa mtengo, iwo akunena Kolona monong'ona, ndipo ataiwala nsima pamoto. Pa 20 Julaye 2011 zidachitikanso: anthu adayenda m'misewu kudandaula za kusowa kwa mafuta ndi za kayendetsedwe ka dziko, ndipo m'mizinda yathu mudafa anthu 20.

Sitikuti kuthyola sitolo nkwabwino, iai. Kuba ndi tchimo, ndipo timaphunzitsa choncho m'kalasi ya katekisimu. Koma thumba la shuga mwini sitolo akhoza kugula lina, pamene mwana wa munthu wopangidwa m'chifaniziro cha Mulungu palibe msika umene angagulidweko. Lamulo lachisanu silipatula munthu wovala yunifolomu.

Ilipo mfuti ina, imene ife tikuiopa koposa chifukwa imagona m'nyumba. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, mfuti zambiri zidatsala m'manja mwa anthu, zina nkuwoloka malire. Mu Disembala 1993 asilikali adalanda zida za a Payoniya, koma ena a iwo adathawa nazo. Achifwamba sadavutikenso kupeza chowopsezera anthu usiku.

Apa mpamene nkhani ikutikhudza ife makolo. Mbala ya mfuti sikhala m'phanga ngati fisi. Ili ndi amake, ili ndi malume ake, imadya nsima pakhomo pa munthu wobatizidwa. Mnyamata wosagwira ntchito akatumiza kumudzi malata ndi matumba a feteleza, ndani mwa ife amafunsa kumene zachokera? Timangolandira ndi manja awiri, mwinanso nkupatulako chopereka cha ku tchalitchi. Ndipo mbala ikagwidwa m'tauni, omwe aja adaimba nawo pa Misa m'mawa amathamangira tayala ndi petulo, osalola ngakhale kuti wansembe aitanidwe. Kaini sadasowe mfuti kuti aphe mbale wake.

Anansi athu a ku Mozambique adatiposa nzeru. Mu 1995 mipingo ya kumeneko, motsogozedwa ndi Episkopi Dinis Sengulane wa Anglikani, idauza anthu kuti wobwera ndi mfuti alandire khasu, njinga kapena makina osokera. Mfutizo adazidula, amisiri napanga nazo mtengo wachitsulo umene udakaonetsedwa ku British Museum ku London. Si a mpingo wathu, koma chabwino tichitchule chabwino.

Tipempha akulu a miphakati kuti akambirane zimenezi pa msonkhano wawo. Ndipo banja limene mbale wake adafa ndi mfuti kapena ndi manja a khamu, kaya adali wosalakwa kaya adali mbala, lipereke dzina lake kwa mphunzitsi wa kwanuko, kuti litchulidwe pa Misa ya mizimu ya akufa pa 2 Novembala.