Chotupa cha Pakhosi: Kusiyanitsa Chithokomiro ndi Khansa



Ambiri a ife tikaona munthu wotupa pakhosi timangoti ndi chithokomiro, nkhani n'kuthera pomwepo. Nthawi zambiri timakhala tikunena zoona, koma pali zotupa zina zochepa zomwe zimakhala khansa.

Kutsogolo kwa khosi, m'munsi mwa kholingo, kuli kachiwalo kooneka ngati gulugufe kamene madokotala amakatcha thyroid. Kamapanga mahomoni owongolera kagundidwe ka mtima, kutentha kwa thupi ndi momwe thupi limagwiritsira ntchito chakudya. Kuti kagwire ntchito kamafuna ayodini. Akasowa, kamakula pofuna kukwaniritsa ntchito yake, ndipo ndicho chithokomiro chomwe timachidziwa. M'madera a mapiri ndi mvula yambiri ngati kwathu kuno ku Mulanje, ayodini amakokoloka m'nthaka. N'chifukwa chake malamulo a dziko lino amafuna kuti mchere wogulitsidwa ukhale wothira ayodini. Chinangwa chowawa chosaviika bwino chimawonjezeranso vutoli.

Khansa ndi nkhani ina: maselo a kachiwaloka amayamba kuchulukana mosalamulirika. Mwa zotupa 10 zopezeka pamalopa, pafupifupi 9 sizikhala khansa. Matendawa amagwira amayi kwambiri, pafupifupi katatu kuposa abambo. Mtundu wofala kwambiri, wotchedwa papillary, umakula pang'onopang'ono ndipo ambiri amachira ukapezeka msanga. Wina wotchedwa medullary nthawi zina umayenda m'magazi a pabanja. Khansayi siyopatsirana, ndipo kudyera mbale imodzi ndi wodwala kulibe vuto.

Zizindikiro zofunika kupita nazo kuchipatala ndi izi: chotupa cholimba chomwe chikukula, mawu osasa kwa masabata angapo popanda chimfine, kuvutika kumeza kapena kupuma, ndi mwanabere wa m'khosi wosaphwa. Kawirikawiri chotupacho sichipweteka, ndipo ambiri amachedwa chifukwa cha zimenezi. Amayi ndi atsikana athu, poti mpango umaphimba khosi, achibale sangachione msanga. Choncho nthawi ndi nthawi imani pa galasi, kwezani mutu pang'ono, mezani madzi n'kuyang'ana ngati pali chotupa chokwera ndi kutsika.

Poyambira ndi pa chipatala chaching'ono cha Milonde kapena chipatala cha boma cha Mulanje, ndipo pakafunika amatumiza ku Gulupu, Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Dokotala amagwira pakhosi, amayeza magazi, kenako amaunika ndi sikani yofanana ndi ija ya amayi oyembekezera. Magazi amangoonetsa momwe kachiwaloka kakugwirira ntchito. Chotsimikiza ngati ndi khansa ndi kutenga timaselo ta m'chotupacho ndi singano yopyapyala n'kukatiunika ku labotale. Amayi musachite manyazi: Chisilamu chimalola kupimidwa ndi dokotala wamwamuna pakakhala palibe wamkazi, ndipo mutha kulowa ndi m'bale wanu.

Chithandizo chachikulu ndi opaleshoni yochotsa mbali imodzi kapena kachiwalo konse. Odwala ena amapatsidwanso ayodini wapadera wotchedwa radioactive iodine, wopha maselo otsalira. Amene achotsedwa kachiwalo konse amamwa piritsi la levothyroxine tsiku lililonse moyo wawo wonse, kulowa m'malo mwa mahomoni aja. Piritsili limamwedwa ndi madzi m'mimba muli mopanda kanthu, mphindi 30 mpaka 60 musanadye. M'mwezi wa Ramadhan ambiri amamwa asanadye daku, koma kambiranani ndi dokotala mwezi usanaoneke. Osalisiya chifukwa cha kusala. Ndipo amene wangochitidwa opaleshoni akumbukire kuti wodwala ali ndi chilolezo chodzabweza masiku ake akachira.

Kutema mphini pa chotupa kapena kuchithowa ndi madzi otentha sikuchotsa khansa, kumangodya nthawi ndi ndalama. Dua tipange, kuchipatala tipitenso. Akomiti ya mzikiti, thandizani ndi ya thiransipoti pamene m'bale watumizidwa ku Blantyre, pakuti ambiri amalephera pamenepa. Ophunzira, mukafika kunyumba onani paketi ya mchere ngati yalembedwa kuti muli ayodini, ndipo muwawerengere agogo nkhaniyi.

Allah atipatse thanzi ndipo achiritse odwala athu. Ameen.