Mwendo Uthamanga, Koma Mtima Ndiwo Ufikitsa

Tambala asanalire, mapazi amakhala atayamba kale kumveka m'miseu ya Lusaka. Amuna ndi akazi a ku Kabwata, Woodlands ndi Kabulonga amalunjika mseu wa Leopards Hill, pamene a ku Chelstone amatsata Great East Road. Ena mwa iwo amakonzekera mpikisano wa Comrades, umene unayamba mu 1921 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg ku South Africa. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 89, monga kucoka mu Lusaka kukafika ku Kafue ndi kubwerako, ndipo uyenera kutha m'maola 12.

Pa ulendo wotere mtima ndiwo umayamba kugonja. Munthu amanyamuka ali wokondwa, koma akapitirira pa Drummond, pakati pa njira, shuga wosungidwa m'minofu amacepa. Pamenepo mkwiyo, cisoni ndi maganizo ofuna kusiya zimamugwera. Ozolowera amadziwa kuti kawirikawiri mdima umenewu ndi njala kapena ludzu cabe. Motero amadya nthoci, namwa madzi, nayenda pang'ono kufikira mtima utakhalanso m'malo.

Nzeru yoyamba ndiyo kuduladula mtunda. Wanzeru saganiza za makilomita 40 otsala, koma za malo otsatira omwerapo madzi, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo.

Yaciwiri ndiyo kumvetsera thupi. Mu 1977 akatswiri a ku America, William Morgan ndi Michael Pollock, anapeza kuti ngwazi za liwiro zimasamala kapumidwe ndi ululu wa miyendo kuti zisinthe liwiro nthawi ikalipo, pamene anthu wamba amathawitsira maganizo kwina. Kumvetsera kumeneku kumapulumutsanso moyo, popeza cizungulire kapena kupweteka kwa m'cifuwa ndi cenjezo lakuti munthu aime.

Yacitatu ndiyo umodzi. Pa Comrades pamakhala magulu ochedwa "mabasi", otsogozedwa ndi munthu wodziwa kusunga nthawi. Amayimba ndi kulimbikitsana, ndipo wolefuka amapezamo mphamvu.

Maola 12 akakwana, mkulu wa mpikisano amafulatira othamanga naomba mfuti. Wocedwa ndi sekondi imodzi sapatsidwa mendulo, ngakhale anavutika miyezi yambiri. Komabe Stephen Muzhingi wa ku Zimbabwe anapambana katatu motsatizana, kuyambira 2009 kufikira 2011. Cipambano cotere cimayambira m'mbandakuca, pamene mtima ukuphunzira kupirira.