"Matenda akula"

Mwana wa mlongo wanga anandifunsa tsiku lina: "Malume, bwanji munauza agogo kuti matenda akula, chikhalirecho munkadziwa kuti mwana wawo watisiya kale?" Ndinachita kakasi.

Inenso kale ndinkaona ngati bodza ndi bodza basi. Immanuel Kant analemba mu 1797 kuti ngakhale wakupha atafunsa komwe mnzako wabisala, usaname. Ndinkagwirizana naye mpaka nditaganizira za Rahabi wa ku Yeriko, amene anabisa azondi awiri a Yoswa padenga n'kuuza anthu a mfumu kuti atuluka kale mumzinda.

Ndimaona kuti choonadi chili ngati kiyi wa nyumba. Mwini nyumba umam'patsa, koma wobwera ndi chikwanje usiku sum'patsa, ndipo palibe angakunene kuti wam'bera.

Za agogo n'zovutirapo, chifukwa kiyiyo anali wawo. Ife tinangomusunga m'thumba kwa maola ochepa, kuopa kuti angakomoke okha m'minibasi, popanda wowagwira. Atafika pakhomo anamva amayi akulira kuseri kwa nyumba. Anandiyang'ana kamodzi, osanena kanthu, n'kukakhala pamphasa.